Mkondo ndi Nkhokwe

Munthu akakwera basi pa Ntcheu kulunjika ku Dedza, n'kudutsa pa Biriwiri, pa Mlangeni ndi pa Lizulu pamene amayi amaunjika kachewere, kabichi ndi tomato m'mbali mwa njira, sadziwa msanga, ngati palibe womuuza, kuti msewu umene akuyendamowo ndiwo malire a maiko awiri, pakuti kudzanja lamanja ndi Malawi, kudzanja lamanzere ndi Mozambique. Ndipo akatsika n'kulonjera mayi wogulitsa tsidya lino ndi mnzake wogulitsa tsidya ilo, adzayankhidwa m'chinenero chimodzi, ndi ulemu umodzi, mwinanso ndi chiwongo chimodzi, popeza Angoni a kwa Gomani ndi abale awo a ku Domwe ndi ku Ulongwe anali mbumba imodzi mzungu asanalembe mzere wake papepala.

Koma kuyambira chaka cha 1975, pamene Apwitikizi anatsitsa mbendera yawo, kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, mbumba imodzi imeneyi inaleredwa ndi ziphunzitso ziwiri zodana ngati mphaka ndi khoswe. Kuno Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda ankalalikira poyera kuti munthu alemere ndi thukuta lake, akhale ndi esiteti ndi sitolo yakeyake, ndipo dzina la chikomyunizimu linali mwano pakamwa pake. Uko Samora Machel ndi chipani cha Frelimo, pa msonkhano wawo waukulu wachitatu wa mu 1977, analumbira kutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin, chonena kuti minda, mafakitale ndi mabanki zikhale za anthu onse pamodzi, boma ndilo likhale kapitawo wake. Njira yoyambayo ophunzira amaitcha chikapitolizimu, ndiko kuti chuma chili m'manja mwa eni mpamba. Yachiwiriyo amaitcha chisosholizimu, ndipo ikafika pachimake, chikomyunizimu. Tsono mlandu umene ndautula pabwalo ndi uwu: mwa njira ziwirizi, ndi iti imene imabala mfumu yankhanza, yosadzudzulika, younjika mphamvu zonse m'dzanja limodzi? Mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Choncho tiyale mphasa, aliyense abwere ndi mboni zake.

Oyamba kuimirira ndi amene amaneneza chisosholizimu, ndipo mawu awo, tikawapeta n'kuchotsa mankhusu, ndi awa: ufulu wa munthu umagona m'nkhokwe yake. Iye amene ali ndi kamunda kake, kakhola kake ndi kamsika kogulitsirako nyemba zake angathe kuyang'ana mfumu m'maso n'kunena kuti "iyayi, pamenepa mwalakwa," chifukwa adziwa kuti madzulo ana ake adya. Koma pamene boma lakhala mwini munda yekhayo, wolemba ntchito yekhayo, wogula yekhayo ndi mwini makina osindikizira yekhayo, ndiye kuti wokangana ndi boma wakangana ndi mbale yake ya nsima, ndipo sipafunikanso msilikali womutseka pakamwa, popeza njala ndiyo imagwira ntchitoyo. Iwowa amakana kuti nkhanza za maiko a chikomyunizimu zinali tsoka lobwera ndi mtima woipa wa mtsogoleri uyu kapena uyo. Amati zinali chipatso cha mtengo weniweniwo, pakuti mphamvu yolanda minda ya anthu mamiliyoni ndiyo mphamvu yomweyo yomanga aliyense wokana kulandidwa, ndipo amene wailandira kamodzi saibweza.

Mboni yawo yaikulu ndi dziko la Russia. Chipani cha Lenin chitalanda boma mu 1917 chinalola chisankho cha nyumba yokonza malamulo a dziko, koma chitaona kuti mavoti achichepera, nyumbayo inangokumana kamodzi mu Januwale 1918, tsiku lotsatira aphungu napeza zitseko zotseka. Mu 1921 ngakhale m'kati mwa chipani cholamulacho munaletsedwa magulu otsutsana. Stalin, kuyambira 1929, anakusa alimi kuwalowetsa m'minda ya gulu, ochita bwinoko nawatcha adani n'kuwapitikitsira ku Siberia. Ndipo pamene njala inagwa mu 1932 ndi 1933, n'kupha anthu mamiliyoni ku Ukraine ndi ku Kazakhstan, boma linali likutumizabe tirigu kunja. Pali lamulo limodzi la mu Ogasiti 1932 limene ine sindilikumbukira popanda thupi kuchita tsembwe: munthu wogwidwa akutenga za m'munda wa gulu, zingakhale ngala zochepa zotsala okolola atadutsa, chilango chake chinali kuwomberedwa, kapena, pomuchitira chifundo, zaka khumi m'ndende. Ife amene tinakula tikukunkha mtedza m'minda ya eni, eniwo akutiona n'kungoseka, amenenso tinaphunzira ku sukulu ya Sande za Rute Mmoabu wokunkha m'munda wa Boazi, tingathe kuyeza tokha kukula kwa chinthu chimenechi: boma lodzitcha la alimi linaletsa chimene ngakhale mwini munda woumira sankaletsa. M'zaka ziwiri zokha, 1937 ndi 1938, monga mwa mabuku a apolisi a Stalin omwe, anthu oposa 680,000 anawomberedwa pa milandu ya ndale.

Ku China nyimbo inali yomweyo, ng'oma yokha ndiyo inakula. Mao Zedong atalamula mu 1958 kuti midzi iphatikizidwe, anthu adyere pamodzi, alimi asiye makasu akasungunule zitsulo, akuluakulu a m'maboma, poopa kuoneka aulesi, ankatumiza kulikulu mawerengero abodza a zokolola, boma n'kutenga gawo lake monga mwa bodzalo. Ndipo pamene nduna ya zankhondo, Peng Dehuai, inalemba kalata mu 1959 kunena kuti zinthu sizili bwino, inachotsedwa paudindo, otsalawo naphunzira kukhala chete, anthu mamiliyoni makumimakumi nafa ndi njala. Wakutsina khutu ndi mnansi, anatero akale. Koma kumeneko dzanja lotsina khutu linkadulidwa. Za khoma la Berlin la mu 1961 sinditayirapo nthawi, kungoti makolo athu ankamanga linga kuti adani asalowe, pamene limenelo linamangidwa kuti eni mudzi asatuluke.

Potsiriza amaloza tsidya la msewu wathu uja. Frelimo inachotsa mafumu, ati anali zitho za Apwitikizi, m'malo mwawo n'kuika makomiti a chipani. Inauza anthu kuti asiye manda a makolo ndi mitengo yawo yazipatso, akamange m'midzi ya mizeremizere imene boma linayeza. Sitolo zakale zitatsekedwa panabwera sitolo za boma, zimene nthawi zambiri munali mashelefu okhaokha, kotero kuti mlimi wa ku Angónia, atagulitsa chimanga chake, ankatsala ndi ndalama zopanda chogula, mchere ndi sopo n'kumadzazifuna kuno. Ulendo wopita boma lina unkafuna chikalata cha chilolezo. Mu 1983 kunakhazikitsidwa lamulo lokwapula anthu pagulu, chinthu chimene onse ankayesa kuti chinapita ndi atsamunda; ndipo chaka chomwecho anthu zikwizikwi a ku Maputo ndi ku Beira, opezeka opanda chikalata cha ntchito, anakwezedwa ndege n'kukatayidwa ku Niassa kuti akalime, ambiri a iwo osabwererakonso. Ku Niassa komweko kunali misasa imene ankati ndi yowongolera anthu maganizo, ndipo mu umodzi mwa iyo Mbusa Uria Simango, amene kale anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa Frelimo, anasungidwa kufikira anaphedwa mobisa, mlandu wake wosazengedwa pabwalo lililonse.

Apa a mbali yachiwiri, amene akhala akukukuta mano pamphasa, amaimirira nafunsa: Kodi chikoti chimenecho Frelimo inachitola kuti? Kodi eni mpamba anafika kuno atanyamula nyumba ya malamulo m'thumba? Iwo amati chikapitolizimu chimene amachitama ku London ndi ku New York, cha makhoti ndi ufulu wolankhula, ife nkhope yake sitinaione. Chimene tinaona ndi nkhongo yake. Dziko la Southern Rhodesia linatchedwa dzina la mwini kampani, ndipo kuyambira 1890 mpaka 1923 boma lake linali kampaniyo, British South Africa Company, yokhala ndi apolisi ake, mfuti zake ndi ndende zake. Congo, kuyambira 1885 mpaka 1908, linali munda wa munthu mmodzi, Mfumu Leopold ya ku Belgium, ndipo midzi yolephera kukwanitsa muyeso wa mphira inkatenthedwa, anthu n'kudulidwa manja. Kwathu kuno, m'mapiri a ku Shire, azungu atalandira zikalata za malo kwa Harry Johnston, munthu anadzuka m'mawa n'kumva kuti dothi limene munakwiriridwa mchombo wake lili ndi mwini wina, ndi kuti lendi yake ndi thangata. Mawu okoma aja, amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasanduka dzina la ukapolo. Pa esiteti ya Bruce ku Magomero mwezi wa thangata unkatalika monga afunira woyang'anira, matchalitchi audzu a John Chilembwe ankatenthedwa, ndipo zimene zinachitika usiku wa pa 23 Januwale 1915 mwana aliyense wa sukulu akuzidziwa. Nanga mlimi wa ku Magomero, amafunsa iwo, anasiyana pati ndi mlimi wa ku Ukraine? Onse awiri analibe kokadandaula.

Amapitiriza kunena kuti mwini mpamba amakonda chisankho pokhapokha chikamusiyira chuma chake, ndipo tsiku limene amphawi avotera womugawitsa, iye amathamangira kwa asilikali. Ku Guatemala, Jacobo Árbenz, wosankhidwa ndi anthu, atagawira alimi malo osalimidwa a kampani ya nthochi ya United Fruit, anagwetsedwa mu 1954 ndi thandizo la America. Ku Chile, Salvador Allende, amene analowa ndi mavoti natenga migodi ya kopa kukhala ya dziko, anafera m'nyumba ya boma pa 11 Sepitembala 1973. Ndipo Pinochet, amene mu ulamuliro wake anthu oposa 3,000 anaphedwa kapena kusowetsedwa, ndiye anatsegula misika, amalonda namuwombera m'manja. Mobutu wa ku Zaire, ndi boma la tsankho la ku South Africa kumene atate athu a Wenela ankagona m'makomboni ngati ng'ombe m'khola, sanali a chikomyunizimu; chimene chinkawagulira abwenzi ndicho kudana nacho.

Koma mboni yawo yoopsa ndi ya m'nyumba mwathu momwe, ndipo apa ndiyenera kuyenda pang'onopang'ono, pakuti ambiri owerenga mawu ano zinthuzi anaziona ndi maso. Miyezi iwiri yokha chilandirireni ufulu mu 1964, nduna zimene zinayesa kutsina khutu zinachotsedwa kapena kutula pansi maudindo, zambiri n'kuthawira kunja. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 la Pulezidenti Wamuyaya. Taonani tsono mlimi wa masiku amenewo, atasenza thumba la mtedza kapena mtolo wa fodya wa chikopa, akufika pa msika wa ADMARC dzuwa lili paliwombo. Kalaliki akoleka katunduyo pa sikelo, atchula giredi, atchula mtengo. Mlimi aona kuti giredi yachepa, koma ameza malovu, chifukwa wogula wina palibe, ndipo lamulo la mbewu zapadera lamuletsa kulima fodya wa bale, umene uli ndi ndalama, popeza umenewo ndi wa eni maesiteti. Phindu limene latsala pakati pa mtengo umene iye walandira ndi mtengo wa kunja likukakhala ngongole zokulitsira maesiteti omwewo ndi Press, kampani ya mtsogoleri mwini wake, imene inali ndi dzanja m'masitolo a PTC, m'mabanki, m'fodya ndi m'zakumwa. Potuluka kuti akagule mchere, apeza pachipata cha msika anyamata a malaya ofiira akufunsa khadi la chipani. Wolemera naye sanali pabwino, pakuti lamulo lolanda katundu linkalola boma kutenga nyumba ndi sitolo ya aliyense amene lamuyesa woukira, khoti osaloledwa kufunsa chifukwa. Akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka: ndani akanaponya mwala, pamene mkhate wa dziko lonse unali pansi pa munthu mmodzi? Ndende ya Mikuyu inadzaza, mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, anthu n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto, Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ndipo maiko a azambwe, amene zonsezi ankazimva, sanagwirizane zoimitsa thandizo lawo kufikira Meyi 1992, Soviet Union itagwa kale, mlonda wa pachipata atatha ntchito.

Mlandu ukafika pamenepa pamachitika chinthu chimene ine chimandiseketsa, angakhale nkhaniyo si yoseketsa. A mbali yoyamba amalumpha nati, "Chimenecho sichinali chikapitolizimu ayi, msika wa wogula mmodzi si msika, ndipo ADMARC inali chisosholizimu chovala suti." A mbali yachiwiri nawo amati, "Ngati ndi choncho, cha Stalin sichinali chisosholizimu. Marx ndi Engels ankayembekeza kuti boma lidzafota lokha, osati lidzanenepa." Amene anakhalapo pabwalo la mfumu pozenga mlandu wa mimba akuidziwa nyimbo imeneyi: mnyamata aliyense amalumbira kuti mwanayo si wake, kufikira anamkungwi atamuvundukula n'kuonetsa mphuno ndi makutu. Chiphunzitso chilichonse chimafuna kuweruzidwa monga chinalembedwa m'buku, mnzake aweruzidwe monga anachitira m'munda. Bwalo lino silingalole muyeso wotere. Anyani sasekana zikundu; aliyense abereke mwana wake.

Komabe pali mayankho ena olemera, amene sindingawakankhe ndi phazi. A chisosholizimu amati: taonani Britain wa mu 1945, pamene boma la Clement Attlee linatenga migodi ya malasha ndi njanji kukhala za dziko, nakhazikitsa chithandizo chaulere cha m'zipatala mu 1948, ndipo palibe amene anatumizidwa ku msasa, taonani Kerala ku India, kumene a chikomyunizimu analowa ndi mavoti mu 1957, ndipo akhala akulowa ndi kutuluka monga afunira anthu, taonani Julius Nyerere wa ku Tanzania, amene, ngakhale anasamutsa anthu mamiliyoni mokakamiza kuyambira 1973, anatula yekha udindo mu 1985 wopanda esiteti kapena banki. Amakumbutsanso kuti Frelimo inatemera ana katemera kufikira kumidzi imene Mpwitikizi sanaiyendere m'zaka mazana, ndi kuti anthu pafupifupi miliyoni amene anathawira kuno ankathawa nkhondo ya Renamo, imene inaleredwa ndi Rhodesia ndi South Africa. A mbali inayo amayankha kuti Attlee anasiya nyuzipepala, masitolo ndi minda m'manja mwa eni ake, n'chifukwa chake atagonja mu 1951 ananyamula chipewa chake n'kutuluka. Ndi kuti palibe dziko ngakhale limodzi limene chipani cha mtundu wa Lenin chinatenga chuma chonse n'kusiya otsutsa ali moyo pabwalo. Amati mfumu yankhanza ya pakati pa eni mpamba imakhala ndi mapeto, monga ku South Korea mu 1987 ndi ku Chile mu 1988, chifukwa pansi pake pamakula anthu odya zawozawo. Ndi mfundo yabwino. Koma ili ndi munga pakhosi, ndiwo China, limene linatsegula misika kuyambira 1978, anthu nalemera kwambiri, chipani n'kukhalabe chimodzi, ophunzira amene anapempha zina mu 1989 n'kuyankhidwa ndi akasinja.

Pali anthu ena amene analawa mbale zonse ziwiri, ndipo umboni wawo ine ndimaulemekeza koposa wa ophunzira. A Mboni za Yehova, amene chikhulupiriro chawo chimawaletsa kulowa chipani chilichonse, analetsedwa kuno mu 1967 chifukwa chokana khadi. Mu 1972 nyumba zawo zitatenthedwa, iwo atamenyedwa ndi kuchotsedwa ntchito, anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ndipo atabwezedwa kumeneko anaoloka msewu wathu uja n'kukamanga misasa tsidya la Mlangeni. Mu 1975 Frelimo itatenga boma inafuna kuti iwonso akweze nkhonya ndi kufuula mawu otama chipani. Atakana, misasayo inatsekedwa, ena anabwezedwa kuno kumene ankayembekezedwa ndi zibonga, ena n'kukathera zaka zambiri m'misasa ya ku Milange pamodzi ndi a Mboni a ku Mozambique. Kaya munthu agwirizana nacho chiphunzitso chawo kaya ayi, nkhani yake si imeneyo. Anthuwa sanapemphe esiteti, sanapemphe kugawana chuma. Anangopempha kuti awasiye. Ndipo wodana ndi Marx ndi wokonda Marx, amene sankagwirizana pa kalikonse, pa ichi chokha anagwirizana, kuti munthu wosawerama sangakhale m'dziko.

Ndikasinkhasinkha zimenezi mtima wanga umabwerera ku nkhani ya Yosefe m'dziko la Aigupto, imene tonse tinaiphunzira ngati nkhani ya chipulumutso, ndipo ndi yoterodi, koma mapeto ake aphunzitsi athu ankawadumpha. Njala itakula, anthu anagula tirigu wa m'nkhokwe za Farao ndi ndalama zawo kufikira zinatha. Anabwera ndi ng'ombe, nkhosa ndi abulu, nazonso zinatha. Chaka chotsatira anapereka minda yawo ndi matupi awo omwe, dziko lonse nilikhala la Farao, iwo nakhala akapolo olima n'kupereka limodzi la magawo asanu, ndipo anathokoza. Tsono ndifunse mbali zonse ziwiri: chimenechi chinali chiyani? Wina adzati ndi chisosholizimu, pakuti nkhokwe inali ya boma ndipo boma linadyetsa onse. Wina adzati ndi chikapitolizimu, pakuti palibe chimene chinalandidwa, zonse zinagulidwa pamtengo wogwirizana. Onse awiri anena zoona, ndipo Mwaigupto wosauka uja sizinamukhudze kuti dzina lake ndi liti. Mwini mkondo anakhalanso mwini nkhokwe. Ansembe okha ndiwo sanagulitse minda yawo, chifukwa ankalandira phoso lochokera kwa Farao. N'chifukwa chake, ndiganiza ine, sitimva kuti mmodzi wa iwo anatsegula pakamwa.

Yerekezani ndi Eliya. Pamene Ahabu anasirira munda wamphesa wa Naboti, Yezebeli nakonza mboni zonama, akulu a mudzi navomera, aneneri mazanamazana odya pagome la mfumukazi analipo, koma amene anatsikira kumundako kukadzudzula mfumu ndi munthu amene anadyetsedwa ndi makungubwi ndi mkazi wamasiye wa ku Zarefati. Momwemonso zinakhalira masiku athu. Kalata ya maepiskopi yodzudzula boma imene inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika pa 8 Malichi 1992 inatheka chifukwa mpingo unali ndi mbale yake ya chopereka, abale ake kunja, ndi makina ake osindikizira ku Balaka, amene okwiya anathamangira kukawatentha, podziwa bwino pamene panali muzu. Chakufwa Chihana, amene anamangidwa pabwalo la ndege mwezi wotsatira, malipiro ake ankachokera ku bungwe la antchito a m'chigawo chino cha Africa, osati ku Capital Hill. Ku Zambia, kumene Kenneth Kaunda anatenga gawo lalikulu la migodi mu 1969 natseka zipani zina mu 1972, amene anamugonjetsa mu 1991 anali Frederick Chiluba, wochokera m'mabungwe a antchito amene chipani chinalephera kuwameza. Ngakhale ku Poland, dziko limene linayamba kuthyola goli la chikomyunizimu, alimi ambiri anali atasunga minda yawo, mpingo unali chiimire, ndipo antchito a ku Gdańsk anadzipangira bungwe lawolawo mu 1980. Kulikonse kumene kunamveka liwu lakuti "iyayi," mukafufuza mupeza kuti mwini liwulo ankadya kwina.

Chigamulo changa tsono ndi ichi, ndipo sichigawa mlandu pakati monga amachitira ankhoswe oopa kudana ndi banja. Chikomyunizimu cha chipani chimodzi mlandu waukulu ndi wake, pakuti kuphatikiza mkondo ndi nkhokwe ndilo lamulo lake lolembedwa, ndipo kulikonse kumene chinayesedwa mokwanira chinabala mwana wa nkhope yomweyo. Chisosholizimu cholowa ndi mavoti n'kutuluka ndi mavoti ndachimasula, chipite kwawo. Chikapitolizimu sindichimasula: lamulo lake silikakamiza nkhanza, ndipo chimasiya mipata imene Eliya angabisalemo, koma chikaona phindu chimalemba ganyu mfumu yankhanza popanda manyazi, monga ife eni ake tinaonera kuyambira ku Magomero mpaka ku Mikuyu, chilipire chindapusa, ndipo chiyang'aniridwe usana ndi usiku. Ndi ichi ndikupempha owerenga kuti asagone poti tinavotera nyali ya zipani zambiri pa 14 Juni 1993. Pamene mfumu ya m'mudzi ilandira mswahala kuchokera ku boma, pamene dzina lolembedwa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo lidalira kumwetulira kwa wina, pamene amene amalipira misonkhano ya zipani sadziwika koma amadziwika tsiku logawa makontirakiti, funsani kuti kiyi wa nkhokwe ali m'thumba la yani.

Mu 1994 mbumba ya pa msewu uja inaima pamizere kuvota, tsidya lino pa 17 Meyi, tsidya ilo kumapeto kwa Okutobala. Kuno tambala wakuda wa chipani cha Kamuzu anatsika padenga. Uko Frelimo inali itavula kale chiphunzitso cha Marx pa msonkhano wake wa mu 1989, mafakitale a boma n'kuyamba kugulitsidwa, ambiri mwa ogula ali akuluakulu a chipani chomwecho. Inapambana chisankhocho, ndipo mu 2025 inakwanitsa zaka 50 ili pampando.